Momwe mungasankhire mbewu ya chimanga yoyenera munda wanu

Ukangofika mwezi wa Okutobala, mawailesi amadzaza ndi malonda a mbewu, ndipo wogulitsa aliyense amati yake ndiyo yodzaza nkhokwe. Ine ndimalima maekala atatu kwathu ku Dedza, ndipo mitundu ya chimanga ndayesapo yambirimbiri. Pano ndikulongosolereni ndondomeko imene ndimatsata ndisanatulutse ndalama m'thumba. Za kugalauza ndi kuunga mizere sindinenapo, zimenezo mukuzidziwa kale.

Poyamba, yang'anani kutalika kwa mvula ya kwanu. Mbewu yochedwa kucha imabereka zisononkho zazikulu, koma imafuna mvula ya miyezi pafupifupi isanu. Yocha msanga imatha m'miyezi inayi kapena kucheperapo, ndipo zokolola zake n'zocheperako ngakhale chaka chili chabwino. A Seed Co anatipeputsira ntchito potchula mbewu zawo maina a nyama: Kalulu ndiye wothamanga kwambiri, kenako Kanyani amene ndi SC 403, Mbidzi, Mkango amene ndi SC 627, ndipo Njobvu, SC 719, ndiyo imachedwetsetsa. Mbewu zina monga DK 8033, PAN 53 kapena za MH zochokera kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, nambala yake sikuuzani msanga za masiku, choncho werengani paketi kapena funsani alangizi. Dziwaninso kuti masiku olembedwawo amasintha ndi dera. Mbewu yomweyo imacha msanga ku Salima kotentha kuposa kuno kozizira.

Ine sindiika munda wonse pa mbewu imodzi. Ekala imodzi ndimadzala yocha msanga kuti ana ayambe kudya mondokwa njala ya Febuluwale isanawapweteke, kwinako ndimadzala yapakatikati. Ng'amba ya chaka cha 2024, ija inachititsa kuti boma lilengeze kuti maboma 23 ali pa ngozi, inandipeza nditagawa chonchi, ndipo chigawo chimodzi chinatipulumutsa. Anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, musaumirire chimanga chokha. Mapira a Pilira 1 ndi Pilira 2 komanso mchewere zimapirira dzuwa limene chimanga sichingalimbane nalo.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye ndichedwapo: dziwani matenda amene amakhala m'munda mwanu musanasankhe mbewu. Ndinaluzapo chaka chathunthu chifukwa chodumpha gawo limeneli.

Munda wanga wina uli m'munsi mwa phiri, kufupi ndi dambo. M'mawa chifunga chimakhalitsa pamenepo, ndipo mame sauma pamasamba mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ndinali nditalimamo chimanga zaka zinayi zotsatizana, ndipo mapesi ndinkawayala pansi kuti asunge chinyezi monga timachitira pa ulimi wa mtayakhasu. Chaka chimenecho ndinagula mbewu imene mnzanga wa kumtunda anakolola nayo ngolo zambiri. Inamera bwino, inakula mosiririka, anthu odutsa ankaima n'kumafunsa dzina lake. Itangomasula ngayaye, masamba a m'munsi anayamba kuuma. Ndinaganiza kuti chimanga chamva njala, mwina mvula yakokolola feteleza. Ndinakongola ndalama n'kugula yureya wina, ndinathira. Patapita masabata awiri kuuma kuja kunali kutadutsa pachisononkho, ndipo pofika pakati pa Malichi munda wonse unkaoneka ngati wadutsa moto. Kutabwera mphepo, mapesi ambiri anagwa pansi, chiswe n'kuyambapo. Zisononkho zimene ndinatola zinali zopepuka, njere zake zonyala.

Alangizi atabwera anathothola tsamba limodzi n'kuliyang'anitsa kudzuwa. Anandionetsa timadontho tatitali, topyapyala, ta ngodya zinayi ngati timitengo ta machesi, totsatira mitsempha ya tsamba, totuwa ngati phulusa. Anati ichi ndi chiwawu chimene pa Chingerezi amati grey leaf spot. Kachilombo kake ndi kamtundu wa nkhungu, kamagona m'mapesi ndi masamba a chaka chatha, ndipo kamakonda malo achinyezi, a mame ndi chifunga. Ndiye kuti ine ndinali nditakasungira malo ogona kwa zaka zinayi, kenako n'kukabweretsera mbewu yosalimba ku matendawa. Kwa mnzanga kumtunda kumawomba mphepo, masamba amauma msanga, ndipo iye ankasinthanitsa ndi soya. Mbewu inali yomweyo, minda ndiyo inali yosiyana.

Anandifotokozeranso chifukwa chimene mapesi anagwera. Masamba a pamwamba pa chisononkho ndi amene amakhwimitsa njere. Akafa msanga, mbewu imayamba kukoka chakudya cha muphesi kuti idyetse njere, phesi limatsala lofooka, ndipo kamphepo kochepa kamaligwetsa.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuwerenga tsamba, ndipo inunso chitani zimenezi mu Febuluwale ndi Malichi, chimanga chikadali m'munda, chifukwa zimene muone ndi zimene zikuuzeni mbewu yogula chaka chamawa. Kusowa kwa feteleza kumayambira kunsonga ya tsamba la m'munsi, chikasu chake n'kumatsika potsata msana wa tsamba ngati chilembo cha V, popanda madontho. Mukaona zipsera zazitali zosongoka mbali zonse ngati bwato, chimenecho ndi chiwawu china, chimene pa mapepala a makampani amachilemba kuti turcicum kapena leaf blight. Timatuza tofiirira totuluka ufa, toti mukapaka chala chimada, ndi dzimbiri, ndipo limakonda madera ozizira ngati kwathu kuno. Mizere yachikasu yodukaduka pa masamba anthete, mbewu n'kupinimbira, ndi matenda a streak. Amenewa amafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono todumpha toyamwa masamba, ndipo amavuta kwambiri pa chimanga chodzala mochedwa ndi cha kudimba. Pokolola, senda makoko muone ngati pali nkhungu yoyera yomata njere kuyambira kutsinde la chisononkho, kumeneko ndiko kuola kwa diplodia.

Mukadziwa mdani wanu, kafunseni mbewu pomutchula dzina. Pa timapepala ta makampani ndi pa mapaketi ena amalemba GLS kutanthauza chiwawu chotuwa chija, ndi MSV kutanthauza streak, n'kusonyeza ngati mbewuyo ili yolimba kwambiri kapena pang'ono. Wogulitsa akangoyankha kuti "imapirira matenda onse", m'funseni kuti ati. Akalephera kutchula, pitani kwina. Kupirira sikutanthauza kuti simudzaona dontho ngakhale limodzi ayi. Madontho amabwera, koma amachedwa kukwera, ndipo njere zimakhala zitakhwima kale. Komanso mbewu yokha siingathe ntchito yonse. M'munda uja ndinadzalamo soya chaka chotsatira, kenako mtedza, ndipo mapesi odwala ndinawakwirira m'malo moyala pamwamba. Nditabwereramo ndi chimanga cholimba ku GLS, masamba anakhala obiriwira mpaka ndevu zitauma.

Pa mbozi zija zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2017, za fall armyworm, musanamizidwe kuti mbewu yakuti sizidya. Muyenera kuyendera munda n'kumasuzumira m'mitima ya chimanga chikadali chaching'ono. Kaufitinso chimodzimodzi: m'zuleni asanachite maluwa, onjezerani manyowa, sinthanitsani ndi nandolo kapena soya.

Chachitatu, funsani amayi kunyumba. Gawo ili amuna ambiri timalidumpha, koma ndi amayi amene amadziwa chimanga chokonoka bwino. Cha njere zolimba, zosalala pamutu ngati chamakolo, chimatulutsa mphale yambiri ndipo anankafumbwe amavutika nacho. Cha njere zofewa, zokhala ndi kadzenje pamutu, chimanyenyeka pokonola, ufa wambiri umapita ku madeya. N'chifukwa chake MH 17 ndi MH 18, zimene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mu 1990, zinalandiridwa bwino m'midzi: zinali za haibulidi koma zokonoka. Ngati mukulimira malonda kapena mumadya mgaiwa, chofewa chilibe vuto. Ngati mukufuna ufa woyera ndi kusunga mpaka Januwale, sankhani cholimba. Onaninso ngati makoko amatseka nsonga ya chisononkho, chifukwa chotseguka kumutu chimalowa madzi n'kuola, ndipo anankafumbwe amachiyambira kumunda komweko. Chilipo chimanga china cha mtundu wa lalanje chokhala ndi vitamini A, nambala zake za MH zimathera ndi chilembo A. Ana kwathu phala lake amalikonda.

Tsopano za thumba. Haibulidi ndi yodula, ndipo mtengo wake umakwera chaka ndi chaka, makamaka mvula ikangoyamba kugunda. Ine ndimagula mu Seputembala ndikangogulitsa soya. Musabwereze kudzala njere zochokera ku haibulidi, mbewu zake zimatuluka zosiyanasiyana, zina zazitali zina zazifupi, zokolola n'kutsika. Ngati ndalama zavuta, gulani ya kompoziti monga ZM 309, ZM 523 kapena ZM 623. Imeneyi mutha kusungako mbewu kwa zaka ziwiri kapena zitatu, bola muzisankha zisononkho za pakati pa munda, kutali ndi chimanga cha anzanu. Ndipo ngati feteleza amene mungakwanitse ndi wa ekala imodzi, musagule haibulidi ya maekala atatu.

Pogula samalani kwambiri. Pamisika ya m'midzi pamabwera anthu ndi chimanga wamba chopaka utoto wofiira kapena wobiriwira, chothira m'mapaketi ofanana ndi enieni. Mlamu wanga anagulapo pa galimoto ina tsiku la msika chifukwa mtengo unali wotsika, ndipo theka silinamere, wogulitsayo osaonekanso. Gulani m'sitolo yokhala ndi chiphaso, imene mudzaipeze pomwepo mu Januwale. Onani chizindikiro chosonyeza kuti mbewuyo inayesedwa ndi nthambi ya boma yoyesa mbewu ya Seed Services Unit, nambala ya gulu lake ndi tsiku loyesedwa. Mapaketi ena ali ndi kakhadi kokanda kotumizira nambala pa foni, kandani muli m'sitolo momwemo. Paketi yosokedwa kawiri, yofwifwa ndi dzuwa, kapena ya njere zosiyana kukula, isiyeni. Mbewu yoyeza pa mbale ayi. Lisiti ndi paketi yopanda kanthu zisungeni mpaka mutakolola.

Mukafika kunyumba, yesani kameredwe. Werengani njere 100, muziyale pa chiguduli chonyowa, pindani, ikani pamthunzi, muziwaza madzi tsiku lililonse. Pakatha sabata werengani zomera. Zikafika 90 kapena kuposa, mbewu ili bwino. Zikachepera kwambiri, bwererani kusitolo ndi lisiti lija mvula isanagwe.

Mbewu yatsopano imene simunaidzalepo, musayambe ndi munda wonse. Gulani kapaketi ka makilogalamu 2, dzalani mizere khumi pambali pa imene munaizolowera, tsiku limodzi, feteleza wofanana, ndipo muike pamalo pamene matenda amavuta, osati pachulu pokoma. Khomani chikhomo cholemba dzina, chifukwa pofika Epulo mudzakhala mutaiwala.

Kudzala kwake ndi kwa Sasakawa komwe kuja: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, makilogalamu pafupifupi 10 pa ekala. Dzalani ndi mvula yoyamba yokhathamiritsa nthaka. Feteleza wokulitsa msanga, wobereketsa pakatha masabata atatu, kupalira kawiri. Pokolola mizere yoyeserera ija ikani padera, muyeze ndi ndowa imodzi, muwerenge zisononkho zoola, ndipo amayi akonoleko pang'ono. Chotsalacho umitsani bwino, tonolani, thirani Actellic kapena sungani m'matumba osalowa mpweya a PICS, kenako mudzatsegule thumba la mtundu uliwonse mu Disembala muone limene anankafumbwe alowamo.