Chonde siyani kupaka penti pamwamba pa dzimbiri

Chisiyireni mvula ndakhala ndikuyendera minda ndi makola a alimi, nde pali chinthu chimodzi chomwe chandiwawa mtima kwabasi chaka chino. Mipanda yachitsulo yomwe anthu anapaka penti mvula isanayambe, yomwe nthawi imeneyo inkawala bwinobwino, lero yachita matuza yonse, penti ikusupuka ngati njoka yofundula, ndipo ukaboola tuza limodzi ndi chikhadabo mukutuluka timadzi tofiira. Ndaziona kambirimbiri moti ndasiya kuwerenga. Ndikafunsa kuti kodi munapanga bwanji, yankho ndi limodzimodzi, akuti tinagula penti, tinapukuta fumbi ndi kansanza, kenako tinapaka. Pamwamba pa dzimbiri pomwepo.

Alimi anzanga, ambiri mumaliona dzimbiri ngati litsiro lomwe langokhala pa chitsulo, koma dzimbiri ndi chitsulo chenichenicho chomwe chadyeka chitakumana ndi madzi komanso mpweya wa oxygen. Chitsulo chikasanduka dzimbiri chimafufuma, chimatenga malo ochuluka kangapo kuposa mmene chinalili, nchifukwa chake mumaona polo itachita mamba-mamba okanganuka. Mambawo ali ndi timibowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso ndipo amasunga chinyezi ngati siponji. Nde inu mukabwera ndi bulashi yanu nkupaka pamenepo, penti ija siinagwire chitsulo, yagwira mamba omwe nawonso sanagwire kanthu, ndipo chinyezi chija mwachitsekera mkati kuti chisaumenso. Dzimbiri limapitiriza kudya kunsi kwa penti, likamafufuma limaikankha, penti nkung'aluka, madzi a mvula nkulowera mmingaluyo osatulukanso. Mwezi woyamba mpanda umaoneka watsopano ndithu. Mkati ntchito yodya siinaimeko ngakhale tsiku limodzi.

Chomwe chimandidandaulitsa kwambiri si penti yomwe yatayikayo, ngakhale nayonso inadya ndalama ndi masiku a ntchito. Vuto lalikulu nlakuti munthu akapaka amasiya kuyang'ana. Mpanda wofiira ndi dzimbiri umakukumbutsa tsiku ndi tsiku ukamadutsa kuti pali ntchito apa, pomwe wopakidwa umakugoneka tulo, mtima umakhala mmalo kuti zatheka, nde chaka chimatha osaugwirako, mpaka tsiku lomwe ng'ombe idzadzikanda pa polo polo nkuthyoka. Apo ntchito yomwe ikanatha ndi bulashi ya waya ndi sandipepala yasanduka yogula chitsulo chatsopano, yoitana owotcherera, yokumba konkire yakale nkuthira ina. Ndipo polo imodzi ikagwa waya amakhwepa mzere onse, mapolo oyandikana nayo amayamba kukokeka nawonso.

Mlimi wina, bambo achikulire olimbikira ntchito kwambiri, anandiitana kuti ndikaone masamba awo omwe mbuzi zinadya usiku umodzi. Dimba lonse anazunguliza ndi mapaipi achitsulo ndi waya wa mesh, penti yobiriwira, ukaonera patali umangoti eee awa ndiye asamala. Titafika pakona tinapeza paipi itagona pansi, waya atagwa nayo, mapazi a mbuzi ali mbwee. Iwo akuti, "Alangizi, ine izi sindikuzimvetsa, ndinapaka makoti awiri ine ndi manja angawa." Ndinagwada nkupalasa udzu patsinde pa paipi ina yomwe inali chiimire, ndinatenga sikuludilaiva nkubaya pang'ono, inangolowa ngati ndikubaya chikuni chofumbwa. Kumtunda konse paipi inali yolimba, koma pomwe imakumana ndi dothi panali patangotsala penti yokha ndi mamba. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, popaka paja munafika pansi pano?" Akuti ayi panali udzu, anayambira cha mmawondo kukwera mmwamba, ndipo pomwe bulashi inafikako mmunsi anangodutsitsa pamwamba pa dzimbiri. Kuonjezera apo mulu wa manyowa anauunjika motsamira mpanda womwewo, komanso mapaipi onse anali osatseka kumwamba, mvula yonse imangothira mkati madzi nkukhazikika pansi. Paipi imadyeka mbali ziwiri, kunja ndi mkati. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye onsewa ali chonchi?" Tinazungulira limodzi tikubaya imodzi imodzi, ndipo yambiri ya mbali ya manyowa ija inali itapita kale. Zinandikhudza chifukwa bambowa sanachite ulesi, mphamvu anaononga, kungoti anaziika pamalo polakwika.

Patsinde mpomwe mpanda umafera, izi ndimanena pafupifupi paliponse pomwe ndafika. Pamenepo mpomwe chinyezi chimakhalitsa, udzu umasunga mame mpaka dzuwa litakwera, mkodzo wa ziweto, ndowe ndi feteleza zili ndi michere yomwe imafulumizitsa dzimbiri kwambiri. Koma anthu amapaka pomwe maso a odutsa amaona basi.

Ndiye pali zizolowezi zina zakalekale zomwe ine zanditopetsa, ndinene poyera. Choyamba ndi oyilo wakutha wa mu injini. Anthu amathira pa chitsulo, ena mpaka kusakaniza mu penti kuti ichuluke, akuti agogo ankatero. Oyilo amatsukika ndi mvula nkulowa mu dothi lomwe mukulimapo, amakola fumbi, ndipo tsiku lomwe mudzafune kupaka penti yeniyeni siidzagwira pa chitsulo cha mafuta. China ndi kutentha udzu mphepete mwa mpanda. Waya wa galvanised, kaya waminga kaya wa mesh, amatetezedwa ndi kachikuto kopyapyala ka zinki, ndipo zinki imasungunuka pa madigiri a Celsius pafupifupi 420 basi, moto waukulu ungathe kuiononga.  Kodi chikwakwa chinalakwa chani? Kenako pali awa opaka mmamawa kuti athawe dzuwa, chitsulo chili ndi mame, penti ikukhala pamwamba pa madzi. Ndi awa osungunula penti ndi palafini mpaka kukhala ngati madzi kuti chitini chimodzi chizungulire mpanda onse. Chimazungulira inde, koma kachikuto kotero madzi amadutsamo.

Primer nayo, penti yoyambirira yopaka pa chitsulo musanapake yapamwamba, anthu amaiona ngati yongodyera ndalama, akuti mwina ogulitsa amangofuna tigule zitini ziwiri. Ayi ndithu. Penti yapamwamba ntchito yake nkutchinga dzuwa ndi mvula komanso kukongoletsa, yomwe imaluma chitsulo nkulimbana ndi dzimbiri ndi primer, kaya ya red oxide kaya ya zinc phosphate. Komanso primer payokha osaiphimba siikhalitsa panja, ena mumasiyira pomwepo mpanda uli wofiirira nkumati mwamaliza.

Zochita sizovuta, zambiri mukuzidziwa kale. Sankhani masiku ouma. Lambulani udzu, chotsani manyowa, fukulani dothi patsinde pang'ono kuti muone chitsulo chenicheni, bayani kapena gogodani ndi hamala, polo yobooka kapena yopyapyala musavutike nayo penti, imeneyo ndi yodula nkuwotcherera chigamba kapena kusinthiratu. Zotsalazo palani mamba onse ndi penti yosupuka ndi bulashi ya waya kapena galainda, malizani ndi sandipepala mpaka dzanja lizidutsa posalala, pukutani fumbi ndi mafuta ndi kansanza konyowetsa thinazi. Mmakona ndi mmalo owotcherera momwe bulashi siifika bwino pakani mankhwala otchedwa rust converter, imasandutsa dzimbiri lopyapyala kukhala lakuda lolimba, koma pa mamba okhuthala siithandiza, kupala kuli pompo. Primer ipakidwe tsiku lomwelo lomwe mwapala chifukwa chitsulo chopalidwa chikagona panja mame a usiku umodzi amachiyambitsanso dzimbiri, nde palani chigawo chomwe mungakwanitse kupaka tsikulo. Ikauma monga mwalembedwera pa chitini, makoti awiri opyapyala a penti ya zitsulo, kuyambira pansi penipeni. Chitsulo cha galvanised chimafuna primer yakeyake, penti wamba ya oyilo imasupuka pa zinki. Waya yemwe akuthyoka mukamupinda ingosinthani.

Mapaipi atsekeni kumwamba, konkire ya patsinde ikhale yotundumuka kuti madzi azitsetsereka kuchoka pa polo, mahinjesi a geti girisi. Valani magolovesi, magalasi ndi chotseka pakamwa ndi mphuno popala, makamaka pa penti yakale kwambiri chifukwa ina ili ndi mtovu womwe fumbi lake ndi loopsa, ana asakhale pafupi. Wowotcherera chitsulo cha galvanised achitire pa mpweya, utsi wa zinki umadwalitsa. Mukadzicheka ndi waya tsukani bala msanga ndipo pitani kuchipatala akaone za katemera wa kafumbata, tizilombo take timakhala mu dothi ndi mu ndowe momwe mukugwiramo ntchitomo. Mvula ikamatha chaka chilichonse zungulirani mpanda onse ndi sikuludilaiva mmanja, pomwe mwaona kadontho kofiira palani pompo, primer, penti.