Dimba la m'thumba kuseri kwa nyumba ya lendi

Ndimakhala m'nyumba ya lendi ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo kuseri kwake malo ndi ochepa moti ndikayanika zovala basi padzaza. Pakona pomwepo ndinaimikapo matumba anayi a ndiwo zamasamba, ndipo kuyambira Meyi mpaka Seputembala sindigula mpiru kumsika. Amayi apafupi akhala akundifunsa kuti ndimatani, ndiye nayi njira yake.

Pezani thumba la makilogalamu 50, la chimanga kapena la feteleza. La feteleza mulichape kaye. Boolani pansi pake mabowo angapo kuti madzi asadikhe. Pezaninso chitini chachikulu, muchidule pansi ndi pamwamba chikhale ngati paipi, komanso miyala ing'onoing'ono, ija amaphwanya anthu m'mbali mwa msewu yomangira nyumba. Ndowa imodzi ikwanira thumba limodzi.

Ntchito yeniyeni ili pa dothi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Ine ndimasakaniza mabeseni awiri a dothi lakuda ndi beseni limodzi la manyowa owola bwino, n'kuwazamo phulusa lodzaza manja awiri. Ngati dothi lanu ndi lamakande, lija limauma gwa n'kung'ambika, onjezani mchenga pang'ono. Manyowa a nkhuku kapena a mbuzi ndi abwino, koma akhale opsa. Lowetsani dzanja mumulu: ngati mukutentha kapena mukununkhabe, sanapse, ndipo mukawagwiritsa ntchito mbande zipserera mizu pasanathe sabata. Chaka changa choyamba ndinataya mbande zonse chifukwa cha phuma limeneli, ndipo zinandiwawa.

Thirani dothi pang'ono pansi pa thumba, imikani chitini pakati, chidzazeni miyala, kenako tsinderani dothi mozungulira chitinicho. Dothi likafika kukamwa kwa chitini, chikokereni m'mwamba, miyala itsala pansi, muthirenso ina. Pitirizani chomwecho mpaka thumba lidzaze. Mzere wa miyala wapakatiwu ndiwo njira ya madzi. Popanda iwo ndiwo zapamwamba zimamwa zokha, zapansi n'kufota. Mukamaliza thirirani kwambiri, musiye masiku atatu dothi likhazikike.

Kenako chekani timabowo m'mbali mwa thumba ndi mpeni, motalikirana chikhatho chimodzi, mzere wapamwamba usayang'anizane ndi wapansi. Ine ndimacheka timabowo 16, ndipo mzere woyamba ndimauyambira cha m'mwamba ndithu chifukwa cha nkhuku za eni nyumba. Mbande za mpiru, repu kapena chayinizi zikhale za masabata anayi, za masamba anayi kapena asanu. Wokerani madzulo dzuwa litapepa, muzu muulowetse ndi chala mosaupinda. Pamwamba ndimabzala anyezi wamasamba. Tomato ndinamusiya, amamwa madzi ambiri ndipo amaphimba anzake.

Zikatero chatsala n'kuthirira, tsiku lililonse, malita asanu pathumba, madziwo muwathire pamiyala paja. Kunena zoona, dimba lotere limafera pamenepa, chifukwa ntchito yake ndi yosaoneka ndipo palibe amakuyamikira.

Ndikamathirira madzulo nthawi zambiri ndimakumbuka Big Brother Africa, mpikisano wa pa TV uja wotsekera anthu a m'maiko osiyanasiyana m'nyumba imodzi, ndipo musandiseke. Mu 2003, pomwe mpikisanowu unkayamba, ife Amalawi tinaimiriridwa ndi Zein Dudha, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anafuna kuti wailesi ya kanema ya TVM isiye kuuonetsa, koma khoti linakana. Amene anapambana chaka chimenecho anali Cherise Makubale wa ku Zambia. Anakhala m'nyumba muja masiku 106 n'kutuluka ndi madola 100,000, ndipo chomwe anthu amamukumbukira nacho ndi kuphika ndi kusesa pomwe anzake akuchita zaphokoso. Mayi anga ankati uyu ndiye mwana woleredwa.

Koma wanga weniweni ndi Hazel Warren, wa 2008. Ena ankati ndi wozizira, amangokhala kukhitchini, sasangalatsa. Ine ndinkaona munthu amene anadziwa kuti nyumba ya anthu ambiri imaima chifukwa wina wadzuka n'kutsuka miphika asanauzidwe. Anafika mpaka tsiku lomaliza n'kukhala wachiwiri kwa Ricco wa ku Angola, ndipo mpaka lero mtima wanga sunavomereze. Bambo a kunyumba kuno iwo amakonda Code Sangala, wa 2007, ati ameneyo ndiye anali ndi moyo, woimba, wanthabwala, wosaopa kamera. Sinditsutsa, Code anatisangalatsa. Koma mutandifunsa woti ndimusiyire makiyi a nyumba ndi matumba angawa kwa mwezi, ndingasankhe Hazel mosaganiza kawiri. Achinyamata a masiku ano amene amatsatira Big Brother Naija pafoni amavotera wokangana kwambiri, ndipo zimenezo zimandidandaulitsa, chifukwa wotsuka mbale uja saonekanso n'komwe pa timavidiyo tomwe amatumizirana pa WhatsApp.

Za madzi, musadandaule ndi bilu. Madzi otsukira mpunga, otsukira ndiwo ndi otsukuluzira zovala komaliza ndi abwino. Okhala ndi sopo wambiri, mafuta kapena mankhwala oyeretsera zovala musathire. Ine ndimasunga chigubu cha malita 20 pambali, kuti tsiku lomwe pampopi pauma matumba asagone ndi ludzu. Ikafika Okutobala muzithirira kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo pamwamba muphimbire udzu wouma.

Mdani wamkulu ndi nsabwe za m'masamba, zija zimaunjikana kunsi kwa tsamba mpaka likwinyike. Muzitembenuza masamba kawiri pasabata. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala. Zikachuluka sinjani tsabola wakambuzi wodzaza dzanja ndi adyo, muviike usiku wonse mu malita awiri a madzi, musefe, musungunuliremo kachidutswa ka sopo wamtanda, n'kuwaza madzulo kunsi kwa masamba. Mukawaza dikirani masiku awiri musanathyole, ndipo mutsuke bwino.

Pakatha masabata atatu kapena anayi chiwokereni muyamba kuthyola. Thyolani masamba akunja okha, awiri kapena atatu pa mbewu iliyonse, mtima muusiye. Matumba anayi amatipatsa ndiwo katatu pasabata, ife anthu asanu. Masabata awiri aliwonse ndimaviika manyowa m'ndowa masiku atatu n'kuthirira madzi akewo atasungunulidwa mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka. Thumba likayamba kufumbutuka ndi dzuwa, khuthulani dothi, musakanize ndi manyowa atsopano, miyala ija muitsuke muigwiritsenso ntchito m'thumba lina.