Momwe mungathandizire okalamba kulimbitsa thupi m'nyumba nthawi yachisanu ku UK

Amayi anabwera kudzationa kuno ku Leeds mu Okutobala. Kumudzi ndi munthu wa khasu, koma kuno dzuwa la Disembala limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo panja pamaterera ndi madzi oundana. Ankangoswera pa sofa atafunda bulangete, mpaka mawondo anayamba kuwavuta.

A NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kuno ku UK, amalangiza kuti munthu wazaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa sabata, ndipo masiku awiri azichitako zolimbitsa minofu ndi zothandiza kuima osadzandira. Nambalayi musawauze, athawa. Ife timaiduladula: mphindi 10 m'mawa, 10 madzulo.

Yambani ndi kutenthetsa chipinda chifike madigiri 18. Bilu ya gasi ikuluma, ndiye ine ndimangotenthetsa pabalaza n'kutseka chitseko.

Kenako mpando, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Zochita zake n'zosavuta: kukhala, kuimirira osagwira paliponse, kukhalanso pang'onopang'ono, kasanu. Ine ndinatenga kampando kopepuka ka kukhitchini n'kukaika pakati pa chipinda, pansi pake poterera, amayi ali ndi masokosi okhaokha. Ulendo wachitatu kampando kanathawira kumbuyo, amayi pansi khu! Mwamwayi sanathyoke, koma sabata yathunthu ankangoti, “Iwe, unandiitanira kuno kuti udzandiphe?” Kuwanyengerera kuti ayambirenso inali ntchito yaikulu kuposa masewerawo. Choncho pezani mpando wolimba wopanda mateyala, kumsana kwake kutsamire khoma. Avale nsapato zogwira pansi, osati masilipasi, ndipo timakapeti tija tichotseni. Masiku oyamba muziima pambali pawo, ndipo ngati akuvutika alekeni azikankha ndi manja.

Za mikono musataye ndalama. Ndinagula malamba otamuka okoka polimbitsa minofu pa intaneti, otchipa, kwa wogulitsa wina wosadziwika bwino, ndipo limodzi linaduka lisanathe sabata. Mabotolo awiri a madzi a theka la lita amakwana, kapena zitini za nyemba. Anyamule m'mwamba kakhumi ali chikhalire. Nsima nayo asiyireni aziphika okha, mthiko umalimbitsa mkono.

Zotsalazo n'zachangu. Podikira ketulo agwire kauntala n'kumanyamula zidendene. Akazolowera, aime ndi mwendo umodzi akugwirabe. Masitepe akwere atagwira chogwirira. Mukawaikira nyimbo za kwaya amavina okha osauzidwa, ndipo mphindi 10 zimatha osazindikira.

Vitamini D musaiwale: kuno amalangiza mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse nyengo yadzuwa lochepayi, ndipo wa m'sitolo wamba ndi wokwanira. Akamva chizungulire asiye pomwepo, muimbire GP, dokotala wanu wa kukiliniki ya m'dera lanu. Kukakhala kupweteka pachifuwa, imbani 999.