Momwe mungakhazikikire m'chaka choyamba pa yunivesite

Ku sekondale belu limakudzutsani, aphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, ndipo mukajomba wina amafunsa. Pa yunivesite zonsezi zimatha tsiku limodzi. Mutha kugona mpaka masana, kalasi n'kudutsa, osapezeka ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti munali kuti. Ambiri amene amagwa chaka choyamba nzeru ali nazo, n'chifukwa chake anasankhidwa. Chimawagwetsa n'choti wowalondola palibenso, ndipo iwo sanaphunzire kudzilondola okha.

1. Sabata yoyamba, yendani

Sabata yolandira ophunzira atsopano musaipeputse. Pezani zipinda zophunzirira makalasi asanayambe, dziwani kumene kuli laibulale, chipatala, ofesi ya dipatimenti yanu ndi ofesi yoona za ophunzira. Onetsetsaninso kuti mwalembetsa makosi anu onse molondola, chifukwa kosi imene simunalembetse malikisi ake sangakuwerengereni ngakhale mulowe kalasi semesita yonse.

2. Werengani ndondomeko ya kosi iliyonse

Tsiku loyamba lekichala amapereka pepala lofotokoza mitu ya kosi, mabuku, masiku operekera asayimenti ndi kagawidwe ka malikisi. Ambiri amangolipinda n'kuliiwala m'chikwama. Komatu masewera onse ali pamenepo. M'mayunivesite ambiri gawo lina la malikisi limachokera ku ntchito za mkati mwa semesita, monga timayeso, asayimenti ndi ntchito za mu labu, ndipo lotsalalo ndi la mayeso omaliza.

Tiyerekeze kuti ntchito za mkati zili ndi malikisi 40, mayeso omaliza 60, ndipo kukhoza kumayambira pa 50. Amene watolera 30 pa 40 akulowa m'chipinda cha mayeso akufuna 20 yokha pa 60. Amene ankazengereza n'kupeza 12 akufunika 38. Sapu zambiri, mayeso obwereza amene amalemba wolephera kosi, zimayambira apa, pa kamayeso ka sabata yachinayi kamene munthu anati n'kosawerengera.

Lembani masiku onsewo pa kalendala imodzi. Mudzaona nokha masabata amene asayimenti zitatu zagwera pamodzi, ndipo imodzi mudzaiyamba msanga.

3. Maola opanda kalasi si tchuthi

Ndandanda ya makalasi imakhala ndi mipata: kalasi 8 koloko m'mawa, ina 2 koloko masana. Alangizi a maphunziro amakonda kunena kuti ola lililonse la m'kalasi limafuna maola awiri owerenga panokha. Ngati makalasi anu ndi maola 15 pa sabata, ndiye kuti owerenga ndi 30, onse pamodzi 45. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu imeneyo. Mukadzuka muzituluka m'chipinda ngati wopita kuntchito, ndipo mipatayo muziithera ku laibulale. Kubwerera kuchipinda kuti "ndikangopumulako pang'ono" tonse tikudziwa kumene kumathera.

4. Sinthani kawerengedwe

Lekichala sadikira kuti mumalize kulemba, choncho lekani kuthamangitsa liwu lililonse. Njira imene Walter Pauk wa ku yunivesite ya Cornell anakonza m'zaka za m'ma 1950 imathandizabe: gawani tsamba pawiri, mbali yaikulu ya kumanja mulembe mfundo zikuluzikulu m'kalasi, mbali yaing'ono ya kumanzere mulembe mafunso mukatuluka, pansi penipeni mufotokoze phunzirolo mwachidule m'mawu anu.

Musachedwe kubwereza. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri atangophunzira kumene chinthu, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Ndiye onani manotsi anu tsiku lomwelo, muwaonenso pakatha masiku angapo, kenako pakatha sabata. Pobwerezapo phimbani mbali ya kumanja, muyankhe mafunso aja osasuzumira. Kungowerenga mobwerezabwereza kumanamiza: maso amazolowera tsamba, inu n'kumayesa kuti mwamva, pepala la mayeso litabwera mutu uli mbee.

5. Funsani, ndipo musakopere

Malekichala ambiri amakhala ndi maola okumana ndi ophunzira ku ofesi kwawo, koma a chaka choyamba amaopa kugogoda. Safunsa anadya phula. Pitani ndi funso lenileni: "Ndayesa kuwerengera motere, ndakakamira apa." Funso lotero amalilandira bwino kusiyana ndi kungoti simukumva chilichonse.

Za kukopera samalani kwambiri. Kutenga mawu kapena maganizo a wina, kaya m'buku, pa intaneti kapena kwa mnzanu, osatchula mwini wake, ndi mlandu wotha kukuchotsetsani sukulu, ndipo mayunivesite ambiri amafufuza ndi mapulogalamu ngati Turnitin. Funsani msanga kuti dipatimenti yanu imafuna muzitchula bwanji mabuku amene mwagwiritsa ntchito.

6. Ndalama, chipinda ndi tulo

Ndalama zikangofika, chotsani kaye zolipira zosazembeka, zotsalazo muzigawe m'masabata. Wokhala naye chipinda mugwirizane naye koyambirira za nthawi yozimitsa magetsi, za alendo ndi za kubwerekana zinthu, nkhani isanafike pokwiyirana. Lowani gulu limodzi kapena awiri, la masewero kapena la zimene mumakonda, osati onse amene akukuitanani. Tulo tisachepere maola 7. Kuchezera usiku wonse mawa lake kuli mayeso, ine sindingakulangizeni.

7. Zikavuta, nenani msanga

Pakapita masabata angapo chisangalalo cha malo atsopano chimazilala, mtima n'kuyamba kulakalaka kwanu. Nthawi yomweyo ndi pamene zotsatira za timayeso toyamba zimatuluka, ndipo amene anazolowera kukhala nambala wani amadzipeza ali pakatikati. Si chizindikiro choti munalowa molakwika. Tengani pepala limene mwalakwalo, mupite nalo kwa lekichala akuonetseni pamene malikisi anathawira. Kunyumba imbani, koma osati mpaka kulephera kudziwana ndi amene mwakhala nawo pafupi.

Koma ngati kukhumudwa kwapitirira masabata awiri, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, m'kalasi mwasiya kupita, musadikire kuti semesita ithe. Pitani kwa mlangizi wa ophunzira kapena kuchipatala cha pasukulupo, ndipo ngati vutolo likusokoneza asayimenti, dziwitsani dipatimenti tsiku loperekera lisanakwane.