Mmene mungakonzekerere ulendo wa ku Hay Festival

Hay Festival ndi chikondwerero cha mabuku ndi alembi chomwe chinayamba mu 1988 ndipo chimachitika kumapeto kwa Meyi m'katauni ka Hay-on-Wye ku Wales. Kulowa pabwalo n'kwaulere, koma zokambirana zilizonse zili ndi tikiti yakeyake. Gulani pa intaneti pulogalamu ikangotuluka. Matikiti a alembi otchuka sachedwa kutha, chifukwa mamembala a Hay Festival amayamba ndiwo kugula.

Chovuta kwambiri ndi pogona. Katauniko n'kakang'ono, zipinda zimadzaza kudakali miyezi ingapo. Mukachedwa, funani malo mumzinda wa Hereford ku England, apo ayi nyamulani tenti.

Ku Hay kulibe siteshoni ya sitima. Tsikirani ku Hereford, mtunda wa makilomita oposa 30, mukwere basi. Ulendowu ndi wa pafupifupi ola limodzi, choncho funsiranitu nthawi ya basi yomaliza musanagule tikiti ya madzulo.

Zokambirana zambiri zimatenga ola limodzi. Apa m'pamene obwera koyamba amalakwitsa: amagula matikiti otsatizana osasiya mpata. Mlembi akamaliza kulankhula amapita kusitolo ya mabuku ya pabwalopo kukasaina, ndipo mzere umatalika. Siyani ola lathunthu pakati, ndipo bukulo gulanitu m'mawa. Fikani pakhomo la tenti yochitikira zokambirana kudakali mphindi 20 ngati mukufuna mpando wakutsogolo.

Tengani jekete ndi nsapato zosalowa madzi. Mvula ya ku Wales sichenjeza, ndipo m'matenti mumazizira dzuwa likalowa.

Pa nthawi ya mafunso, akakupatsani maikolofoni, funsani funso limodzi lalifupi. Anthu sanalipire kuti amvere ulaliki wanu.