Kadzalidwe ndi kasamalidwe ka mtengo wa dogwood

Mwafunsa mmene mungadzalire dogwood wamaluwa, uja akatswiri a zomera amati Cornus florida. Kwawo ndi kum'mawa kwa North America, komwe umamera pansi pa mitengo ikuluikulu, ndipo umafuna nyengo yozizira ndithu kuti uchite maluwa bwino.

Yambani ndi malo. Pakhale powomba dzuwa m'mawa, mthunzi masana. Dothi likhale lachonde, losadikha madzi, la asidi pang'ono, pH (muyeso wa asidi m'dothi) 5.5 mpaka 6.5.

Dzalani mtengowo utayoyola masamba kapena usanaphukire. Dzenje likhale lotakata kawiri kapena katatu kuposa chibuma cha mizu, koma kuya kwake kufanane ndi chibumacho. Apa ndi pamene ambiri amaphera mtengo wawo, ndipo zimamvetsa chisoni: pokumana tsinde ndi mizu pazioneka pamwamba, musakwirirepo.

Mizu yake imayenda pamwambamwamba, choncho supirira chilala. Mvula ikadula, thirirani mokhutitsa kamodzi pa sabata, makamaka zaka 2 zoyamba. Madzi azipita pansi, osati pa masamba, chifukwa masamba onyowa amakopa matenda a anthracnose, omwe amaumitsa masamba ndi nthambi. Phimbirani pansi ndi makungwa kapena masamba owolerana, masentimita 5 mpaka 8, koma asagunde tsinde.

Khungwa lake ndi lopyapyala. Likang'ambika ndi makina otchetchera udzu, mbozi zoboola tsinde zimalowera pomwepo. Feteleza chaka choyamba musathire. Podulira, chotsani nthambi zouma ndi zodwala zokha, popeza mphukira za maluwa a chaka chamawa zimakhala zakonzeka kale kunsonga.