Chotupa cha pakhosi, chimfine chosatha ndi pakati: zofunsa musanatumize ndalama kumudzi

Foni zochokera ku Mchinji zimayamba ndi moni, zimadzera pa mvula ndi mtengo wa feteleza, kenako zimafika pa matenda. "Bambo anu mawu anasasa, sakumveka." "Alamu anu chimfine sichikuwasiya, chonsecho ndi oyembekezera." Ife amene tili ku Joni, ku Cape Town, ku Leeds kapena ku Dublin timathamangira ku Mukuru, ndalama ikagwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba wina amakwera kabaza kukagula mapilitsi pa Kamwendo, ndipo mtima wathu umakhala pansi poti tathandiza. Koma pa matenda a m'kamwa, m'mphuno ndi pakhosi, mapilitsi ogulidwa munthu asanapimidwe amangopatsa matenda mpata wokula. Ndalama yoyamba izikhala ya thiransipoti yopita kuchipatala. Musanaitumize, funsani kuti zinayamba liti, zili mbali imodzi kapena zonse ziwiri, ndiponso ngati wodwalayo akuonda.

Funso loti zinayamba liti ndilo lalikulu, ndipo kwathu silimayankhidwa ndi deti. Thandizani woyankhayo: kodi zinayamba musanapalire kapena mutakolola kale mtedza? Madokotala amawerenga masabata 3. Chilonda cha m'kamwa kapena pa lilime chimene sichikupola pakatha masabata 3, mawu osasa kwa nthawi yomweyo, mwanabere wolimba pakhosi amene sakuphwa, khutu limodzi lopweteka pomwe m'khutumo mulibe vuto, chigamba choyera kapena chofiira m'kamwa chosachoka, zonsezi n'zofunika kuti wachipatala azione ndi maso ake. Choputsitsa n'choti khansa ya m'malo amenewa poyamba sipweteka kwenikweni. Bambo amapitabe kudimba, amadya bwino, ndipo aliyense amati ndi zilonda za kutentha thupi.

Si chotupa chilichonse chomwe chili khansa. Kwathu kuno mwanabere wa pakhosi nthawi zambiri amabwera ndi TB, HIV kapena dzino lovunda, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo m'zipatala za boma. Vuto ndi loti khansa ya m'mwanabere imafanana kwambiri ndi TB, moti odwala ena amamwa mankhwala a TB miyezi ingapo asanadziwike chenicheni. Ngati m'bale wanu anayamba mankhwala a TB chifukwa cha chotupa, ndipo papita miyezi 2 chotupacho chikukulabe, abwerere akafunse ngati angamudule kachidutswa ka mnofu kokayeza. Palibe njira ina yotsimikizira khansa. Chithunzi cha pa WhatsApp chomwe mungaonetse namwino mnzanu ku Manchester sichingalowe m'malo mwa kuyezaku. Labotale yoyeza minofu ya pa Kamuzu Central ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo n'kumene zinthu zotere za m'chigawo chapakati zimapita.

Pa ana musadikire n'komwe masabata 3. Mwana akatupa nsagwada kapena tsaya mofulumira, mano n'kuyamba kugwedera, ikhoza kukhala khansa yomwe Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imakonda madera a malungo ngati athu, imakula m'masiku owerengeka, komabe imamva mankhwala ikapezeka msanga. Kuzula dzino sikuthetsa kanthu.

Zoyambitsa khansa ya m'kamwa ndi pakhosi n'zodziwika, ndipo a ku Mchinji tili nazo pafupi kuposa ena. Choyamba ndi fodya, wosuta, wa m'mphuno ngakhale woika kunkhama ngati amachitira agogo athu. Chachiwiri ndi mowa, ndipo munthu wophatikiza kachasu ndi fodya chiopsezo chake chimaposa cha zonse ziwiri mutaziwonkhetsa. Chachitatu ndi kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsanso khansa ya khomo la chiberekero, kamene kamafala pogonana ndipo kamatha kukhala kukhosi. Malawi inayamba kubaya atsikana a zaka 9 katemera wake m'dziko lonse mu 2019, ndipo chaka chomwecho UK inayamba kubayanso anyamata. Kalata ya katemerayu ikabwera kuchokera kusukulu ya mwana wanu, ine ndingati sainani. Pali khansa inanso yoyandikana nayo yomwe Malawi ili m'gulu la maiko ovutika nayo kwambiri padziko lonse, ya kum'mero. Mukamva kuti amalume nsima ikuwaima pachifuwa ndipo ayamba kudya phala lokha, imeneyo si nkhani ya mawa.

Ulendo wake umayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena cha mishoni monga Kapiri, Ludzi ndi Guilleme, kenako chipatala chachikulu cha pa Boma, ndipo iwo ndi amene amalemba kalata yotumiza wodwala ku Kamuzu Central, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Kulumpha masitepe awa kumangotayitsa ndalama, chifukwa wopita ku Lilongwe wopanda kalata amatha kubwezedwa. Kabuku ka kuchipatala kasasowe, ndipo pemphani wina azikujambulirani tsamba lililonse lomwe alembapo. Mu bajeti yanu muikemo gadiyani. Wodwala amadya za chipatala, koma mayi amene akumudikirira afunika ufa, makala, sopo ndi ya minibasi yobwerera kukatenga zotsatira. Mabanja ambiri amagwera apa, paulendo wachiwiri ndi wachitatu, ndalama zitathera pa woyamba.

Kwa zaka zambiri Malawi inalibe makina owotcha khansa, moti odwala ankatumizidwa kunja, ena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka kudzera pa chipata chathu chomwechi cha Mwami. Tsopano ku Kamuzu Central kuli National Cancer Centre, choncho musagule tikiti ya ku India madokotala a ku Lilongwe asananene mtundu wa khansa ndi pomwe yafika. Wodwala amene akukawotchedwa khansa ya pakhosi ndi makinawo ayambe waonana ndi dokotala wa mano, chifukwa kuzula dzino pambuyo pake kumavuta kupola. Kumeza kudzapweteka, ndiye likuni phala, chiponde, mazira ndi mkaka ndi zofunika kuposa zakumwa za m'mabotolo zomwe timakonda kutumiza.

Chimfine chosatha ndi nkhani yopepukirapo, ngakhale imasautsa. M'mafupa a nkhope, kuzungulira mphuno, muli timphako totulutsa mamina. Tikatupa n'kutsekeka kwa masabata 12 kapena kuposa, madokotala amati ndi chronic sinusitis: mphuno yotseka, mamina okhuthala otsikira kukhosi, nkhope yolemera mukawerama, ndi kusamva fungo la ndiwo. Kumudzi chimakula ndi utsi wa nkhuni ndi fumbi la m'chigafa nthawi yosankha fodya. Kunja kuno ndi nkhungu za m'zipinda zachinyezi, mpweya wouma wa hita, ndi sitovu ya palafini m'chipinda chotseka nyengo yozizira ku Joni. Kafukufuku waonetsa kuti chothandiza kwambiri ndi kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere komanso mankhwala opopera m'mphuno ochepetsa kutupa, otchedwa steroid, tsiku lililonse kwa masabata angapo, osati amoxicillin womwa mobwerezabwereza. Madziwo muwiritse theka la lita, azizire, muikemo supuni yaing'ono ya mchere ndi ina ya soda wophikira. Osagwiritsa ntchito madzi a pachitsime osawiritsa. Chenjerani ndi timabotolo totsegula mphuno nthawi yomweyo, ta oxymetazoline kapena xylometazoline. Mukapitirira sabata imodzi, mphuno imazolowera ndipo imatseka kuposa kale.

Apa ndi pamene funso la mbali imodzi limagwira ntchito. Chimfine chenicheni chimagwira mbali zonse. Mphuno yotseka mbali imodzi yokha, kamfuno wobwerabwera mbali yomweyo, tsaya lochita dzanzi kapena diso lotuluka, zimenezo zifuna dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, makamaka ngati munthuyo ndi kalipentala, pakuti fumbi la matabwa limayambitsa khansa ya m'mphuno. Ndipo chimfine chikabwera ndi chikope chotupa, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu waukulu kapena khosi louma, wodwalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa mayi woyembekezera mphuno imatha kutseka chifukwa cha pakati pomwepo, mwa amayi pafupifupi mmodzi pa asanu, ndipo zimatha zokha pasanathe masabata 2 atachira. Madzi amchere alibe vuto. Panado alibe vuto akamwedwa motsata muyezo. Oyenera kupewa ndi mapilitsi a chimfine okhala ndi pseudoephedrine makamaka miyezi 3 yoyamba, bulufeni makamaka pakati pakadutsa masabata 20, ndi doxycycline. Ndiye musanaike mankhwala a chimfine m'katundu wopita kwa alamu anu, werengani zolembedwa pabokosi, kapena asiyeni akafunse kusikelo. Nkhama zimathanso kutupa kachotupa kotuluka magazi nthawi ya pakati, ndipo kawirikawiri kamaphwa mwana akabadwa. Komabe pakati sipaletsa kupima chotupa cha pakhosi: sikani ya ultrasound ndi kutenga timadzi ndi jakisoni wowonda sizivulaza mwana. Kungoti auzeni achipatala kuti muli ndi pakati asanakujambuleni X-ray kapena CT.

Kwa inu oyembekezera kunja, mantha a mapepala asakulepheretseni kuyamba sikelo. Ku England kulembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, n'kwaulere posatengera mapepala anu, ndipo chithandizo cha uchembere sichikanizidwa ngakhale bilu itadzabwera pambuyo. Ku South Africa, mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lawo. Pawindo zimatha kuyenda mosiyana, koma lamulo ndi limenelo. Ngati mukuganiza zokachilira ku Mchinji pafupi ndi amayi anu, kumbukirani kuti thupi lomwe lakhala zaka kopanda udzudzu limataya mphamvu yolimbana ndi malungo. Kambiranani ndi dokotala musananyamuke.

Zonsezi sizinagwe kumwamba. Zinadziwika chifukwa anthu ena anavomera kulowa m'kafukufuku, ndipo a ku Mchinji si alendo pa zimenezi. Pulojekiti ya MaiMwana inagawa madera 48 a m'boma lathu mwamaere kuti ione ngati magulu a amayi ndi alangizi a kuyamwitsa amathandizadi, ndipo zotsatira zake, zosonyeza kuti amathandiza umoyo wa amayi ndi ana, zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2013. Maere otere amachitikanso poyesa mankhwala, ndipo ndiwo amakhumudwitsa ambiri: bwanji dokotala osangondipatsa mankhwala abwinowo? Chifukwa nayenso sadziwa abwino ndi ati. Kafukufuku wa De-ESCALaTE, wotsogozedwa kuchokera ku Birmingham, anatenga odwala 334 a khansa ya kukhosi yobwera ndi HPV. Madokotala ambiri ankayembekeza kuti cetuximab, mankhwala atsopano, achita chimodzimodzi ndi cisplatin wakale koma mosazunza thupi. Patapita zaka 2, pa anthu 100 aliwonse, oposa 97 a cisplatin anali moyo, pomwe a cetuximab anali 89. Atsopano aja analephera.

Amayi oyembekezera akhala akusiyidwa kunja kwa kafukufuku wambiri chichitikireni tsoka la thalidomide, mankhwala omwe anapundula ana oposa 10,000 asanachotsedwe pamsika mu 1961. Mantha ake ndi omveka, koma mapeto ake ndi oti mankhwala ambiri sitidziwa bwino mmene amachitira pa pakati. Taonani za dolutegravir, yemwe ali mu ma ARV omwe abale athu ambiri akumwa: mu 2018 kafukufuku wa ku Botswana anakayikitsa kuti angalumalitse ana, koma atawerenga amayi ochuluka chiopsezocho chinapezeka chaching'ono kwambiri, ndipo mu 2019 WHO inawavomereza kwa onse.

Ndiye mukapatsidwa fomu ya kafukufuku, kaya inuyo ku chipatala cha ku Birmingham kaya amayi anu ku Lilongwe, musaithawe ngati ya anamapopa, komanso musasaine chifukwa choopa kukhumudwitsa adokotala. Kukana sikuchotsa chithandizo chanu chanthawi zonse, ndipo mukhoza kutuluka pakati pa njira osapereka chifukwa. Funsani kuti wosalowa amalandira chiyani, maulendo ndi angati, thiransipoti akubweza ndani, magazi kapena mnofu wotengedwa upita kuti ndipo usungidwa mpaka liti, nanga mankhwala akakuvulazani alipira ndani. Kunja kuno pemphani womasulira, musagwiritse ntchito mwana wanu. Ku Malawi kafukufuku weniweni amakhala wovomerezedwa ndi komiti younika kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC ya kusukulu ya udokotala ku Blantyre, ndipo dzina ndi nambala ya komitiyo zimalembedwa pa fomu. Fomuyo iyenera kukhala m'Chichewa. Wosadziwa kulemba amawerengeredwa pamaso pa mboni yomwe si ya kafukufukuyo asanadinde chala, ndipo amapatsidwa pepala lake lopita nalo kunyumba. Wina akamalipiritsa ndalama zambiri kuti wodwala "alowe m'kafukufuku", kapena akamalonjeza kuti achira ndithu, tsekani chikwama.

Pepala limenelo akujambulireni muliwerenge, muwaimbire amayi muwafotokozere mofatsa zomwe mwamva. Kutumiza ndalama kumatipatsa mawu aakulu pabanja, ndipo kumudzi amatha kudikira kuti "a ku Joni anene kaye". Koma thupi ndi la mayiwo, ndipo chala chodinda n'chawo. Akakana, tsiku lawo lokaonana ndi dokotala likhalabe lomwelo, ndipo ya minibasi ifike lisanakwane.